Osawerenga ndi wina, wolira ndi wina

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10. Palibe kompyuta imene inazima tsiku limenelo, zonse zikuyakabe. Chimene chinatha ndi ma update achitetezo aja amene ankabwera mwezi ndi mwezi kudzatseka mipata yolowera akuba a pa intaneti. Anthu wamba amene analembetsa kuti awaonjezereko nthawi anapatsidwa chaka chimodzi chokha, mpaka Okutobala 2026. Njira imene kampaniyo ikuloza ndi Windows 11, koma Windows 11 ndi yosankha. Imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, memori yosachepera 4 GB, malo a 64 GB pa disiki, ndiponso purosesa yatsopanoko, kwa Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. Tsono tayang'anani malaputopu amene ali m'manja mwa aphunzitsi, ophunzira a ku koleji ndi eni timashopu totaipa ndi kusindikiza zikalata kuno ku Chipata. Ambiri ndi a ex-UK aja, ma ThinkPad ndi ma EliteBook amene anatumikirapo kale m'maofesi a kunja asanakwere basi ya pa Great East Road. Ena adzalowa mu Windows 11, ena adzakanidwa pakhomo.

Choncho anthu ambiri a kuno, afune asafune, aphunzira operating system yatsopano, pulogalamu yaikulu ija imene imayendetsa makina onse. Ena apita ku Windows 11, ena ku Linux Mint kapena Ubuntu (onsewa ndi mitundu ya sisitemu yotchedwa Linux), amene ndi aulere ndipo salemera kwambiri pa makina akale. Ndiye mkangano wakale wadzukanso: kodi munthu ayambe wawerenga buku la malangizo, kapena angoyamba kudina mpaka zala zitazolowera?

Yankho langa silikondweretsa mbali iliyonse. Kuti uphunzire kugwiritsa ntchito sisitemu tsiku ndi tsiku, buku silofunika. Koma pali malo ochepa pamene ukalakwitsa palibe kubwerera, ndipo pamalo amenewo wina ayenera kukhala atawerenga. Funso lenileni ndi lakuti wina ameneyo ndani, chifukwa mmene zinthu zilili kuno, amene amadina osawerenga ndi wina, amene amataya mafayilo ake ndi wina.

Amene amati buku ndi lotayitsa nthawi ali ndi mfundo, ndipo ndiwapatsa yonse. Palibe amene anaphunzira Android powerenga. Agogo a ku Chadiza amene amalandira ndalama pa foni n'kumatumiza mavoisi kwa adzukulu pa WhatsApp sanaonepo tsamba limodzi la malangizo. Foni yawo inabwera ndi kapepala kopindapinda konena za batire, basi. Kale, masiku a MS-DOS ndi Windows 3.1, bokosi la pulogalamu linkabwera ndi mabuku onenepa, ndipo panali chifukwa: DOS inkangokupatsa C:\> ndi kamzere kophethira, ukapanda kudziwa lamulo loti ulembe, mungoyang'anizana mpaka dzuwa kulowa. Lero opanga amayesetsa kuti batani lililonse lidzinenere lokha ntchito yake. M'zaka za m'ma 1980 katswiri wina wa ku IBM, John Carroll, ndi anzake anakhala pansi n'kumaonerera anthu akuphunzira mapulogalamu otaipira makalata. Anaona kuti anthu amadumpha buku n'kuthamangira ntchito imene abwerera, n'kumalakwitsa, n'kumadzikonza okha. Iye sanawanene kuti ndi aulesi. Anati vuto lili m'mabuku, ndipo anayamba kukonza timabuku tatifupi tongonena ntchito imene munthu akufuna kuchita ndi mmene angatulukire akasochera. Anthu sanasinthe kuchokera nthawi imeneyo, ndipo sindikuona chifukwa choti ife a ku Chipata tisinthe.

Ndiye ngati nkhani ndi yopeza pamene pali Wi-Fi, kutsegula foda, kusintha chithunzi cha pa sikirini, kupeza pamene anasamutsira Start (mu Windows 11 anamukokera pakati), ingodinani. Linux amachita kukupatsani bwalo losewerera kwaulere: muika Mint kapena Ubuntu pa flashi, muyatsa laputopu kuchokera pa flashiyo, muyendamo tsiku lonse osaika chilichonse pa makina. Bola osakhudza disiki ya m'kati, mukazimitsa zonse zimabwerera mwakale. Munthu amene angawerenge masamba mazana awiri asanayese zimenezi wangotaya sabata yake.

Koma mvetserani bwino amene amalalikira kuti "ingoyesa, ukaononga udzaikanso". Muwayang'ane pamene akhala. Ali ndi kompyuta yachiwiri patebulo, mafayilo awo anakopera pena, intaneti yawo ilibe malire, malaiti kwawo sapita. Kwa iwo kuononga sisitemu ndi kutaya madzulo amodzi. Mphunzitsi wa ku Vubwi amene laputopu yake anaigula pa ngongole, mmene muli ma scheme a zaka zonse, mamaki a ana ndi asainimenti ya digiri imene akuphunzira patchuthi, iye sali m'gulu limenelo. Kuikanso kumene amakunena mopepuka kumayamba ndi kutsitsa fayilo yopitirira 5 GB ngati ndi Windows 11 kapena Ubuntu 24.04, ya Mint ili pafupi ndi 3 GB. Werengerani nokha mtengo wa bandulo. Kumafunanso malaiti okhazikika, ndipo chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba tonse tinaphunzira kuti zimenezo sizolonjezedwa. Laputopu ya batire lakufa ikazima pakati pogawa disiki kapena pakati pa update ya BIOS (kapulogalamu ka m'kati mwa makina kamene kamayamba kugwira ntchito sisitemu isanayake), nkhani imakhala ina. Ulaliki wa kungoyesa unabadwira kumene kulakwitsa n'kotchipa. Kuno kulakwitsa n'kodula, ndipo tsamba limodzi la malangizo ndiye chinthu chotchipa kuposa zonse zimene zili patebulo.

Tengani nkhani ya C ndi D, imene aliyense wokonza makompyuta amaidziwa ngati dzina lake. Mwambo wake ndi uwu: mafayilo a kasitomala akankhire ku D, fomata C, ika Windows yatsopano. Mwambowu wapulumutsa anthu ambiri, koma wabzalanso m'mitu chikhulupiriro chakuti D ndi disiki ina yapayokha. Pa malaputopu ambiri disiki ndi imodzi, yongogawidwa zigawo ziwiri. Linux sadziwa za C ndi D. Zigawo amazitchula sda1, sda2, kapena mayina ataliatali ngati nvme0n1p2. Ndiye mnyamata amene waika Windows kambirimbiri, wodzidalira ndithu, afika pa tsamba la Ubuntu lofunsa mmene aikire. Aona mawu akuti "Erase disk and install Ubuntu", mumtima n'kuti ndi kufomata C kuja. Adina. Disiki yonse yapita, ndi D yemwe, ndi asainimenti ya aphunzitsi ija. Chenjezo linalembedwa pomwepo pa sikirini, koma diso lozolowera Next, Next, Next silionanso zolemba.

Apa ndi pamene ndimasiyana kwambiri ndi anzanga odziwa makompyuta. Iwo amaganiza kuti buku ndi la ongoyamba kumene. Ine ndimaona kuti wongoyamba kumene ndi wotetezeka kuposa iwo, chifukwa amaopa, amawerenga liwu lililonse, akakayika amaima. Amene amagwa ndi amene amadziwa sisitemu yakale, chifukwa manja ake amathamanga ndi nzeru za kumene wachokera. Mu Windows ukafufuta fayilo imapita mu Recycle Bin, ukhoza kuitola mawa. Pa desikitopu ya Linux palinso Trash, zoona. Koma ukalemba lamulo lofufutira la rm mu terminal, windo lolembamo malamulo, fayilo siipita mu Trash, imangotheratu, ndipo ukaikako -r imasesa foda yonse ndi zam'kati mwake. Ukaika sudo kutsogolo, liwu lokupatsa mphamvu zonse pa makina, ngakhale mafayilo a sisitemu yeniyeniyo sakhalanso otetezeka. Linux Mint ali ndi pulogalamu ya Timeshift imene imajambula mmene sisitemu ilili kuti uzitha kubwerera m'mbuyo zikavuta. Wochokera ku Windows aiona n'kuti basi, backup yatheka. Pamene Timeshift, ukaisiya mmene inabwerera, imasunga mafayilo a sisitemu okha, zikalata ndi zithunzi zako za mu foda yako ya Home imazisiya kunja. Zimenezi zinalembedwa m'malangizo ake momveka, mwachidule. Pongodina sungazidziwe mpaka tsiku limene ukuzifuna.

Ndipo musaganize kuti vuto ndi la Linux yekha. Windows 11 ali ndi msampha wake, woopsa chifukwa ndi wachete. Pa makina ambiri atsopano, makamaka kuyambira mtundu wa 24H2, ukalowa ndi akaunti ya Microsoft pa nthawi yoika sisitemu, disiki imadzikiya yokha ndi BitLocker. Ndi chinthu chabwino ndithu: wakuba akatenga laputopu sangawerenge zam'kati. Kiyi yotsegulira pakagwa vuto ndi manambala 48, ndipo imakasungidwa mu akaunti imene inagwiritsidwa ntchito tsiku limenelo. Tsono ndani anatsegula akauntiyo? Kawirikawiri ndi mnyamata wa pa shopu, amene anapeka imelo mwachangu kuti adutse tsambalo chifukwa makasitomala ena akudikira, pasiwedi osailemba paliponse. Papita miyezi. Wina asintha za mu BIOS, kapena azimitsa Secure Boot, chitetezo cha poyatsa makina, kuti ayese Linux, kapena bodi yapsa ndiye disiki aisamutsira pa makina ena. Sikirini ya buluu ituluka, ifunsa manambala 48. Palibe wa ku Kapata, palibe wa ku Lusaka, ngakhale a Microsoft eni ake, amene angapangenso kiyi yotayika. Mafayilo ali pomwepo, amoyo, koma mwini wake sadzawaonanso.

Taonani chimene chachitika apa. Kuyesayesa kumaphunzitsa zinthu zimene zimakuyankha pompopompo: wadina molakwika, windo latsekeka, waphunzira. Koma BitLocker sanena kanthu tsiku limene wadzikiya. Laputopu imayenda bwinobwino, aliyense wasangalala, ndalama yalipidwa. Chilango chimabwera chaka chamawa, kwa munthu wina. Ndi momwemonso pa mafoni. Kuyambira Android 5.1, mu 2015, foni ikafufutidwa yonse munthu asanachotsemo akaunti ya Google, ikayakanso imafuna akaunti yomweyo. Amayi angati amene akaunti anawatsegulira ndi amene anawagulitsa foni, ndipo pasiwedi sanaimvepo? Zinthu zotere zala sizingaphunzire. Zimadziwika pokhapokha wina atawerenga, kapena wina atalira kale.

Mlimi wa thonje ku Katete sawerenga pepala kuti adziwe kupalira. Koma ikafika nthawi yosakaniza mankhwala opopera, pepala la pa botolo limawerengedwa, ndipo ngati iye sangathe amaitana mwana wa sukulu kapena alangizi, chifukwa amadziwa kuti muyeso ukalakwika munda sudzamuuza tsiku lomwelo.

Ena anena kuti ife ndife anthu ofunsana, sitifuna mabuku. Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu, ndipo ine sindikutsutsa. Kufunsa mnzako wokhala naye pafupi kumaposa buku, chifukwa iye akuona sikirini yako ndipo amakuyankha m'chilankhulo chako. Koma mzere wa kufunsana uyenera kukathera kwa munthu amene anawerenga. Ukapanda kutero, zimene zimayenda pakamwa ndi pakamwa ndi mphekesera zovala jekete. Lowani mu ofesi iliyonse muone anthu akudina Refresh kasanu, kakhumi pa desikitopu kuti kompyuta ithamange. Refresh imangojambulanso zimene zili pa sikirini, liwiro siliwonjezeka, koma aliyense anaphunzira kwa mnzake, mnzakeyo kwa mnzake. Ambiri amakhulupiriranso kuti Shut down ndiye kuzimitsa kwenikweni, Restart ndi masewera. Pa Windows 10 ndi 11, Fast Startup ikakhala yoyatsa, zili mosemphana: Shut down imasunga mbali ya sisitemu pa disiki kuti idzayake msanga, pamene Restart ndiye imayambiradi pachiyambi. N'chifukwa chake vuto lina limakana kuchoka ngakhale muzimitse usiku wonse. N'chifukwa chakenso amene aika Linux pambali pa Windows nthawi zina amapeza kuti chigawo cha Windows chikuwerengeka koma sichikulola kulembamo. Mzere wa kufunsana sunabweretse nzeru imeneyi chifukwa kumayambiriro kwake kunalibe wowerenga.

Nanga YouTube? Ndimaikonda pa zinthu zofuna maso, monga kumasula laputopu kuti uonjezere memori. Koma vidiyo ili ndi matenda awiri. Woijambula sakuona disiki yako: iye akulemba sdb chifukwa pa makina ake flashi ndi sdb, pa ako mwina sdb ndi disiki imene muli zonse. Chachiwiri, vidiyo siikalamba poonekera. Ubuntu amatchula mitundu yake ndi chaka ndi mwezi, 18.04 ndi wa Epulo 2018, 24.04 ndi wa Epulo 2024, ndipo pakati pa iwiriyi zambiri zinasintha, ngakhale pulogalamu yoikira sisitemu yeniyeniyo. Vidiyo ya 2018 imalankhula molimba mtima chimodzimodzi lero. Malangizo a eni sisitemu amalembedwa pa mtundu uliwonse, nambala yake pamwamba. Ndipo pa nkhani ya bandulo palibe mpikisano: ndalama ya vidiyo imodzi ya mphindi khumi ingakutsegulireni masamba ambirimbiri a zolemba. Mapulogalamu a AI oyankha mafunso amene achinyamata akuwakonda masiku ano ali pakatikati. Amathandiza kwambiri ukawapatsa ndime yovuta kuti akumasulire mosavuta. Koma nawonso amayankha mosakayika ngakhale pamene akunena za mtundu wina, ndipo lamulo loyamba ndi sudo limene wapatsidwa ndi makina, iwe osadziwa chimene likuchita, ndi loopsa mofanana ndi limene wapatsidwa ndi mlendo.

Pa bandulo pomwepa, pali kanthu kamene ndimafuna aliyense wa Windows akadziwe. Mukalumikiza laputopu ku hotspot ya foni, Windows imatha kuyamba kutsitsa ma update mwakachetechete, bandulo ya sabata n'kutha musanatumize imelo imodzi. Mu Settings, pansi pa Network & internet, pali batani la Metered connection. Mukaliyatsa, Windows imadziletsa pa zambiri zimene ikanatsitsa. Silibisika, koma simungalipeze ngati simukudziwa kuti lilipo, ndipo ndi ntchito ina ya malangizo imene odina okha amaiiwala: kukuuzani zinthu zimene simunaganize n'komwe zozifunafuna.

Chosangalatsa ndi chakuti pa Linux buku lili kale m'kati mwa makina, silifuna intaneti. Mwambo umenewu ndi wakale kuposa Linux mwini, amene Linus Torvalds anamuyamba mu 1991. Unachokera ku Unix ya ku Bell Labs, kumene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie analemba masamba oyamba a malangizo mu 1971, lamulo lililonse ndi tsamba lake. Mpaka lero ukalemba man rm mu terminal, tsamba la rm limatuluka, kaya uli ku Lundazi kopanda netiweki, kaya malaiti anapita m'mawa. Sindikunamizani kuti masambawa ndi okoma. Ndi ouma gwa, analembedwa ndi odziwa kulembera odziwa anzawo, ndipo wongoyamba kumene akatsegula man bash akhoza kutseka laputopu n'kupita kukagona. Koma sanalembedwe kuti aziwerengedwa kuyambira pamwamba mpaka pansi. Wapatsidwa lamulo lokhala ndi -r ndi -f? Tsegula tsamba lake, dina / kuti ufufuze, werenga mizere iwiri ya zilembo ziwirizo, dina q utuluke. Mphindi imodzi. Kuwerenga kumene ndikunena ndi kumeneku, osati kukhala pansi pa mtengo wa mango ndi buku lonenepa ngati ukukonzekera mayeso.

Zina zambiri zingadikire mpaka zitakuvutani. Amene ali ndi Windows ndi Linux pa laputopu imodzi adzadabwa kuti wotchi ikusemphana ndi maola awiri ndendende akachoka kwina kupita kwina. Palibe chaonongeka. Windows imatenga wotchi ya m'makina ngati nthawi ya kwanuko, Linux amaitenga ngati nthawi ya UTC, imene maiko onse amawerengerapo nthawi zawo, ndipo Zambia ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri. Izi muziwerenga tsiku limene zakukwiyitsani, palibe chotayika. Koma funso lakuti purinta ya pa shopu panu idzagwira ntchito pa Linux kapena ayi, kapena lakuti pulogalamu imene ntchito yanu imadalira ili ya Windows yokha, limenelo liyankhidwe musanafufute chilichonse. Mwini shopu yotaipa adziwiretu kuti LibreOffice, pulogalamu yaulere yotaipira imene imabwera ndi Mint, imatsegula mafayilo a Word, koma matebulo ndi zilembo nthawi zina zimasuntha, ndipo kasitomala wobwera ndi CV yake sadzamva zoti sisitemu ndi yaulere.

Mfundo yolimba kwambiri yotsutsa zonse zimene ndanenazi ndi ya chilankhulo. Malangizowa ali m'Chizungu, ndipo si Chizungu cha m'kalasi, ndi cha partition, mount, encryption, recovery key. Kuuza amayi ogulitsa nsalu ku Saturday Market kuti "mukanawerenga" ndi chipongwe. Ndikuvomereza. Koma mfundo imeneyi siichotsa udindo wowerenga, imangousamutsa. Ngati mwini makina sangathe, ndiye amene walandira ndalama kuti awakonzere ayenera kuwerenga m'malo mwawo, ndipo apa ndi pamene ndili ndi mawu ndi anyamata athu okonza mafoni ndi makompyuta. Ambiri ndi aluso ndithu, anaphunzira poonerera ndi poyesa, manja awo amachita zimene ine sindingathe. Koma pakati pawo pali kunyada kwina kwakuti kuwerenga ndi chizindikiro cha kusadziwa, kwakuti kasitomala akakuona ukutsegula tsamba la malangizo aganiza kuti ndiwe wophunzira. Zotsatira zake timazimva pa kauntala:

"Amai, mafayilo anu munali mutakopera pena?"

"Mwana wanga, ine ndinabweretsa kwa iwe chifukwa ndiwe wodziwa."

"Pepani amai, sisitemu ndiye inafufuta yokha."

Sisitemu siinafufute yokha. Funso loyambalo likanafunsidwa dzulo, laputopu isanatsegulidwe. Ndipo amaiwo sangatsutse, chifukwa alibe njira yodziwira chimene chinachitika. Amalipira, amanyamula chikwama, amakwera njinga kubwerera ku Mchini kapena ku Navutika, mnyamata uja n'kuitana wotsatira. Ukaphunzira pa laputopu yako, yesa mmene ungafunire, ndi yako. Ukayamba kulandira makwacha pa makina a ena, ufulu woyesayesa watha. Windows 11 yako yoyamba, Mint wako woyamba, usamuphunzirire pa katundu wa kasitomala, ndipo tsamba la BitLocker uliwerenge usanatsegulire munthu akaunti. Kiyi ya manambala 48 ija imatha kusindikizidwa kapena kulembedwa papepala. Kupereka laputopu popanda pepala limenelo, pamodzi ndi imelo ndi pasiwedi yake, ndi ntchito yosatha.

Aphunzitsi a Computer Studies nawonso ndili nawo pang'ono. Phunziroli litalowa ku Grade 8 ndi 9, mayeso oyamba n'kulembedwa mu 2015, masukulu ambiri analibe makompyuta okwanira, ndipo ana ambiri anaphunzira kompyuta pa bolodi: dinani apa, kenako apa, kenako apa. Sindikuwaimba mlandu, anachita zimene akanatha ndi choko. Koma mwana woloweza njira ya mabatani amasochera tsiku limene batani lasamuka, ndipo mabatani amasamuka zaka zingapo zilizonse. Amene anaphunzira pa Windows 7 anaona ikusiyidwa mu 2020, a Windows 10 aona zomwezo tsopano. Luso limene silingasamuke ndi lotha kuwerenga uthenga wa pa sikirini mpaka kumapeto, kudziwa kuti sisitemu yako ndi mtundu wanji, kupeza tsamba la eni ake la mtundu umenewo, ndi kuzindikira kuti apa ndi pamene ndiyenera kuima. Zimenezi zimaphunzitsika ngakhale m'kalasi ya kompyuta imodzi. Jambulani uthenga wa chenjezo pa bolodi, mufunse ana kuti chitachitike n'chiyani akadina Yes.

Ndipo nkhani ya Chizungu ija siyosatheka kuithetsa, bola tisayambe ndi maloto omasulira mabuku onse. Malangizo a Ubuntu ali pansi pa laisensi ya Creative Commons imene imalola aliyense kuwamasulira ndi kuwagawa, bola atchule kumene achokera ndipo asawatsekere ena. Malo oopsa aja ndi ochepa moti angakwane pa mapepala awiri a A4: kugawa ndi kufufuta disiki, kiyi ya BitLocker, akaunti ya Google foni isanafufutidwe, rm ndi sudo, zimene Timeshift imasiya kunja, update ya BIOS pa batire lakufa. Ophunzira a ICT pa koleji iliyonse ya muno angawalembe m'Chinyanja chathu pa temu imodzi ngati ntchito ya m'kalasi, mawu a pa sikirini n'kuwasiya m'Chizungu momwemo kuti munthu awazindikire akawaona. Mawayilesi athu a m'dera ali ndi mapulogalamu a ulimi ndi a zaumoyo sabata iliyonse, mphindi khumi za zimenezi zingapezeke. Mapepalawo akamatidwe pakhoma la shopu iliyonse yokonza makompyuta ku Kapata ndi ku Down Shops, mbali ya kasitomala, osati kuseri kwa kauntala, kuti amai aja asanapereke chikwama athe kuloza mzere wachiwiri n'kufunsa kuti, "Nanga manambala 48 aja undilembera pati?"